Kankhono ka pansi pa mwala

Agogo anandilera kuyambira ndili wamng'ono, makolo anga onse atamwalira. Anandiphunzitsa kuti mwana akatola chinthu chachikulu sathamangira nacho kwa anthu yekha. Amachipereka kwa wamkulu ndi manja awiri, wamkuluyo n'kukamulankhulira. Tsiku lina ndinapeza mbuzi ya eni itakodwa m'chigwa. Agogo anaikoka mpaka kwa mwini wake, ine ndili pambuyo, ndipo ananena kuti waipeza ndi mwanayu. Ndinakula ndikudziwa kuti zinthu zimayenda choncho.

Kuno ku Dublin ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Coolock. Sindine wolankhulalankhula. Masiku opuma ndimakwera basi kupita kunyanja pa nthawi imene madzi aphwa, n'kumasuzumira pansi pa miyala. Ndinagula buku lakale la zigoba pa shopu ya zinthu zakaunjika, ndipo ndinkayerekeza zimene ndaona ndi zithunzi zake.

M'mawa wina wozizira ndinatembenuza mwala wafulati wokutidwa ndi ndere. Pansi pake panali kankhono ka zigoba ziwiri, kakang'ono ngati chikhadabo cha khanda, koyera moonekera mkati. Kanatulutsa kaphazi n'kuyamba kudzikoka pang'onopang'ono. Ndinakazindikira. M'buku langa kanali kumapeto, pa tsamba la tizilombo timene anthu ankati tinatha, timene timadziwika ndi zigoba zouma zokha. Ndinakajambula pafoni, ndipo ndinabwezera mwalawo mmene unalili.

Sindinadziwe woti ndimuuze. Ndinapita ku Tallaght kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene anandisunga nditangofika m'dziko lino. Ndinkagona pa sofa yawo, ndipo ndinkawaitana kuti anti. Mwana wawo wamkazi, wobadwira konkuno, ankaphunzira za sayansi ku yunivesite. Ndinagwada m'khitchini n'kuwapatsa foni ndi manja awiri. Anti anaseka kuti ndasanduka msodzi wa tizilombo, koma mwana wawo atayang'ana anasiya kudya. Mtsikanayo anandipempha m'Chingerezi kuti ndimutumizire zithunzi zonse, akaonetse aphunzitsi ake. Anti anati ndisadandaule, andilankhulira.

Panapita milungu ingapo ndisanamve kanthu. Lamulungu lina Misa itatha, amayi anaunjikana pakhomo akupatsirana foni, ena akuimba nthungululu chapansipansi. Nditayandikira ndinaona chithunzi changa chija m'nkhani ya pa intaneti, chala changa chikuonekera pakona. Nkhaniyo inkayamikira mtsikana wachimalawi wa ku yunivesite amene wapeza kankhono komwe anthu ankati kanatha. Ndinaiwerenga kawiri. Ine munalibemo.

Ndinadikira anthu amwazike, ndipo ndinawafunsa anti poimika magalimoto. Sanachite manyazi.

"Iwe mwanawe, dzina m'nyuzipepala likuthandiza chiyani? Ukalidya? Mng'ono wakoyu akufuna malo a maphunziro apamwamba. Si tonse amodzi?"

Ndinati ndinawapatsa kuti akandilankhulire.

"Ndiye ndinalankhula. Unafika kuno ndi kachikwama kamodzi, ndani anakutsegulira chitseko?"

Anandiuza kuti ndikwere galimoto yawo andisiye pa siteshoni ya sitima ya Luas, koma ndinayenda wapansi. Chimene chinandiwawa kwambiri si nkhani ija ayi, koma kuti sanazengereze poyankha. Zinali ngati anaziganiza kale, tsiku lomwe lija ndili chogwada m'khitchini mwawo.

Patadutsa masiku anandiimbira foni ndili pa nthawi yopuma kuntchito. Mawu awo anali ofewa. Anandifunsa za chimfine, anandiuza kuti andisungira ufa wochokera kumudzi. Kenako anafika pa nkhani. Akatswiri a ku yunivesite ankafuna kukaona kankhonoko kali kamoyo, ndipo mwana wawo anayenda nawo gombe lonse masiku awiri osapeza mwala wake. Anthuwo anali atayamba kufunsa mafunso ovuta. Anandipempha kuti Loweruka ndipite ndi mtsikanayo m'mamawa, ndikamusonyeze malowo ena asanafike.

Ndinali nditakhala m'kachipinda ka antchito, tiyi akuzizira m'kapu. Moyo wanga wonse sindinakanepo wamkulu pamaso.

"Anti, apatseni nambala yanga akatswiriwo. Akandiimbira okha, ndikawasonyeza."

"Ukufuna kumuchititsa manyazi mwana wanga?"

"Ayi. Ndikufuna adziwe amene anatembenuza mwala."

Anadula foni.

Nambalayo sanaipereke. Ndinamva kwa ena kuti akatswiri anasiya kufunafuna nyengo itasintha, ndipo mtsikanayo anawauza kuti waiwala malo ake. Ndikanatha kuwalembera ndekha, chifukwa zithunzi zoyamba zikadali m'foni mwanga ndi tsiku lake. Kalatayo ndinailemba. Koma ndikaiwerenga ndimaona kuti ikumutcha wabodza mwana amene ndinkamuluka tsitsi, m'nyumba imene inandifunditsa bulangete, ndipo sindinaitumizebe. Kutchalitchi anti amandidutsa ngati mzati, ndipo amayi ena anamva kuti ndine wosayamika.