Masamba pa ndowa ya ku Nathenje

"Mwana wangayu mundiphera ndi nzeru zanu zachikalezo!"

Anakuwa choncho ndi mkazi wanga, Loweruka lina mu Okutobala, ife titangotsika lole pa Mitundu. Mnyamata wathu wa Folomu 3 anali atatsamira paphewa la mnzake, milomo itachita kusweka. Mbiri yoti wakomoka pabwalo la mpira ku Nathenje inali itatitsogolera kale pa foni.

"Mayi, pano ndi pamsika," ndinatero. "Mukalalatire kunyumba."

"Pompano! Anthu amve kuti bambo wake ndiye anamuletsa madzi."

Ndinamuletsadi, ndipo chifukwa ndinali nacho. Inenso mpira ndinasewerako ku sekondale, ndipo lamulo tinkalidziwa tonse: kubwalo kwa eni sumwa madzi awo, sudya chawo, sulowera pachipata chimene akulozera. Ndinaona ndi maso angawa goloboyi wathu atamwa madzi a eni bwalo, mpira n'kumamudutsa m'miyendo ngati waledzera. Wina anene kuti n'zamkutu, koma ine ndinalipo.

Ndiye timu ya sukulu ya mwana wanga itapatsidwa masewero ku Nathenje, ine monga wa komiti ya makolo ndinaikapo mtima. Ndinalamula kuti Lachisanu anyamata agone m'kalasi imodzi kuti munthu asawafikire. Akuti udzudzu ndi macheza sizinawalole tulo, koma zimenezo ndinamva pambuyo. M'mawa anamwa tiyi ndi mandasi, basi. Aphunzitsi a zamasewero anakweza ndowa ziwiri za madzi, theka linathera m'mabampu, otsalawo anyamata anamaliza podikira woimbira, amene anafika dzuwa lili paliwombo. Kuchedwa kwakeko nakonso sindinakukhulupirire.

Pa hafu taimu kunabwera mayi wina wa komweko atasenza ndowa ya madzi ozizira, masamba akuyandama pamwamba. Anatula pafupi ndi anyamata athu.

"Imwani ana anga, kwatentha."

Musandiphunzitse, ndikudziwa kuti amayi amaika masamba pa ndowa kuti madzi asatayike poyenda. Mkazi wanga amateronso. Koma masamba a mtengo wanji? Anathyola ndani? Nanga kumwetulira konse kuja, mwana wake ali timu inayo, kunali kwa chiyani? Anyamata atayamba kulimbirana kapu, ndowa ija ndinaikankha ndi phazi. Dothi linamwa onse.

"Bambo, anawa akupsa!" anatero aphunzitsi.

"Inu phunzitsani Jogalafe. Za ku bwalo tisiyireni."

Mayi uja anatola ndowa yake. "Mulungu akukhululukireni, achimwene," anatero, n'kumapita. Mawu ofatsa chonchowo ndi amene ine amandiopsa.

Chigawo chachiwiri chili mkati, mwana wanga anagwa yekha, popanda womugunda. Mumtima ndinati eya, atipeza ndithu. Ndinayamba kuyang'ana m'magulu kuti ndione amene akuseka. Aphunzitsi sanandifunsenso. Anamunyamulira pansi pa mtengo wa mango, anatuma munthu kumjigo, wina kuokala kukatenga shuga ndi mchere. Anasungunula, n'kumamumwetsa pang'onopang'ono, kwinaku akumunyowetsa mutu. Anatsitsimuka. Madzi a ku Nathenje omwewo, inde, koma opanda masamba. Pamenepa pokha anthu safuna kumva.

Masewero tinapambana. Ine ndimati n'chifukwa sitinamwe. Aphunzitsi amati tinangopulumuka, ndipo m'lole anauza anyamata kuti mkodzo ukamaoneka ngati tiyi, thupi lauma kale, asamadikire kuti ludzu liwapweteke. Ndinangoyang'ana kumbali. Vuto linali loti masewero omaliza anali Loweruka lotsatira, pabwalo lomwelo.

Kunyumba mkazi wanga anatenga nsapato za mpira za mwanayo n'kuzitsekera m'sutikesi.

"Sapitanso. Mpira wathera pano."

"Mwana ndi wanga!"

"Wanu? Mukadamubweretsa pamphasa mukadanena choncho?"

Ndinamenya tebulo mpaka mbale zinalira. Mnyamatayo anali chigonere pakhonde. Mpira ndiye moyo wake, ndipo aphunzitsi ankati akasewera bwino masewero omalizawo akhoza kutengedwa m'timu ya boma lonse. Ndinapita kukaima pamutu pake.

"Iwe, unamva bwanji usanagwe? Miyendo inalemera? Unaona chinthu?"

"Ababa, linali ludzu. Ndinkangoganiza za ndowa ija."

"Ndiye mankhwalawo amenewo. Amakukoka."

Anatembenukira kukhoma. Sanalire, koma mapewa ankagwedezeka.

M'mawa mwake kutchalitchi sindinapite. Ndinalawirira kumsika n'kugula zigubu ziwiri zazikulu, za zitsekerero zolimba. Ndinazitsuka ndekha pamjigo wathu, amayi akundiseka, n'kukaziika pakhomo pamaso pa mkazi wanga.

"Madzi achokera kuno. M'lole ndizikhalira ineyo. Lachisanu agona kuno, mu neti, molawirira. Inu mumuphikire phala la mtedza ndi mazira, nthochi anyamule. Tulutsani nsapatozo."

Anayang'ana zigubu, anayang'ana ine, n'kuponya kiyi wa sutikesi pakhonde pamene panali mwanayo.

Ndinakwera njinga kupita kwa aphunzitsi kukafunsa muyezo wa shuga ndi mchere uja. Muyezowo anandiuza, n'kuwonjezera kuti shuga ndi mchere kusukulu zilipo, andipatsa. Ndinakana. Ndinakagula ndekha, paokala ya mlamu wanga, mapaketi osatsegula.