Ufa wa Sago Wosakaniza

Achemwali anga ankagwira ntchito m'kachipinda kapansi pa labotale, kopanda windo, momwe munali chigayo chaching'ono, uvuni ndi masefa. Anzawo a pamwamba ankawatcha Mayi Chigayo, koma kutsikako ayi, ati fumbi. Ine ndimati ndi mwano chabe. Munthu wakugayirani zaka zonsezi, osamufunsa n'komwe kuti mwadzuka bwanji?

Ntchito yawo inali ya mitengo ya sago, ija yooneka ngati kanjedza wamfupi. Mitengoyi ili ngati mapapaya, ina yaimuna, ina yaikazi. Adokotala oyang'anira kafukufuku ankafuna kudziwa ngati za m'kati mwa tsinde lalimuna zimasiyana ndi za lalikazi: sitachi, madzi, ngakhale phulusa lotsala ukaliwotcha. Achemwali ankaumitsa zidutswa za matsindewo, kugaya, kusefa. Akamaliza zazimuna ankatsuka chigayo mpaka mbee asanayambe zazikazi, chifukwa ufa ukasakanikirana ndiye kuti zonse zalowa m'madzi.

Vuto lake, tsinde likadulidwa silidziwikanso kuti n'lalimuna kapena lalikazi. Wodziwa anali mmodzi, bambo wosamalira mitengoyo kumunda, amene ankamanga chingwe chofiira pa zazimuna, choyera pa zazikazi. Ameneyu yekha ndiye ankatsika. Lachiwiri lililonse ankabwera ndi wilibala, n'kukhala pa ndowa yovundikira.

"Mayi, amuna ndi awa, akazi ndi awa," ankatero. "Musawagoneke pamodzi, sanakwatirane!"

Achemwali ankaseka mpaka misozi. Amuna awo anamwalira kalekale, ana analibe, kunyumba ankayankhana ndi wailesi. Ine ndinkakhala kutali, ndipo sindinama, foni ndinkachita nayo ulesi. Sabata yonse iwo ankangodikira Lachiwiri, makapu awiri atatsuka kale.

Kenako adokotala analengeza kuti zotsatira zikuoneka bwino, kwatsala kugaya kamodzi basi, kafukufuku atha. Achemwali mtima unangoti myuu! Kafukufuku akatha, wilibala idzabweranso kudzatani?

Tsiku logaya sanatsuke chigayo. Anagaya zazimuna, n'kuthira zazikazi pomwepo, kenako kutapa supuni ya uku n'kuthira uko. Ankaganiza kuti manambala akasokonekera, adokotala anena kuti tiyambirenso, ndiye kuti bambo aja abwerabe chaka china. Nzeru za mwana, abale! Koma kusungulumwa kumapusitsa munthu.

Manambala anasokonekeradi. Koma palibe anaganizira Mayi Chigayo, munthu wosaphonyapo chiyambire. Onse anati ndi wakumunda uja, wakalamba, maso afooka, wasokoneza zingwe. Anamupumitsa ntchito sabata yomweyo. Achemwali anakwera masitepe kuti akaulule, koma anabwerera pakhomo pa ofesi ya adokotala, osalowa. Akanawachotsa, akanadya chiyani, akanapita kwa yani?

Kafukufuku anayambiradinso, monga ankafunira. Kungoti zidutswa tsopano zinkabwera ndi dalaivala, amene ankazitula pamwamba pa masitepe, n'kuliza hutala, ulendo.

Zonsezi anandiuza okha nditapita kukawaona, atakhala m'mphepete mwa bedi, manja ali pamiyendo. Ndinapsa mtima, ndinawakalipira ngati si akulu anga, kenako ndinangolira nawo.

"Mng'ono wanga, sunamve zonse," anatero. "Mwezi watha ndinakumana ndi bambo aja pokwerera basi, atanyamula mbande zogulitsa. Ndinafuna kubisala, koma anandiona. Anatula mbande zija, n'kuvula chipewa."

"Ndiye anakutukwanani?"

"Bola akanatukwana. Anati, 'Mayi, mundikhululukire. Ndinakuwonongerani ntchito ya chaka chathunthu, inu munthu wosamala chonchi. Ndimafuna kudzakuonani, koma manyazi.'"

"Inu munati chiyani?"



"Ndinati palibe kanthu, bambo."