Nsalu Zoyera pa Denga la Ba Neba

M'sutikesi yanga yakale, pansi pa mabulangete, muli theka la nsalu yoyala pabedi. Inali yoyera mbee, koma lero yachita chikasu. Pakona pake pali banga lofiirira la chidendene cha jombo, ndipo palibe sopo amene anatha kulichotsa. Ana anga akandifunsa chifukwa chosungira sanza yotere, ndimati inali ya agogo awo. Si bodza, komanso si zonse.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala mu Kalingalinga, m'chilimwe chija nkhondo ya kutsidya kwa Zambezi inatifikira mu Lusaka. Nkhondoyo sinali yathu, koma ndege zake sizinkafunsa. Zinkabwera kudzaphulitsa misasa ya anthu amene ankamenyera dziko lawo ali kuno. Atate anali msilikali, ndipo anatumizidwa kukalonda kumtsinje. Chipitireni, kalata yawo inabwera imodzi yokha, ndipo amayi ankaisunga m'buku la nyimbo.

Mabomba oyamba ndinawamva m'mawa, ndili pamzere wa pampopi. Nthaka inanjenjemera pansi pa mapazi, madzi a m'ndowa anachita timafunde, agalu a komboni yonse anayamba kulira nthawi imodzi. Masana ake malole anadutsa pamsewu waukulu kulowera kuchipatala. Amayi anati ndisayang'ane, koma ine ndinayang'ana, ndipo ndinaona phazi lopanda nsapato likulendewera kumbuyo kwa lole. Kuyambira tsiku limenelo, ngakhale njinga yamoto ikalira patali, ndinkathawira m'nyumba.

Analamula kuti khomo lililonse likumbe dzenje lobisalamo. Kwathu kunalibe mwamuna, ndipo nyumba yoyandikana nafe inalibenso mwamuna. Munkakhala mayi wamasiye amene tonse tinkangomutcha ba neba. Anabadwira kutsidya komweko, anabwera ali mtsikana atakwatiwa ndi bambo wa ku njanji, ndipo bamboyo atamwalira iwo anatsala. Chinyanja chawo chinali cholemera pa lilime, moti aliyense ankadziwa kuti si akuno. Koma ana ambiri a mzere wathu anabadwira m'manja mwawo, mlongo wanga wakhanda pamodzi.

Dzenje lathu analikumba awiri, iwo ndi amayi, pakati pa nyumba ziwirizo. Khasu linali limodzi. Wina akamakumba, wina ankachotsa dothi ndi mbale yakale. Nthaka ya mwezi wotentha ija inali ngati chitsulo, ndipo matuza a m'manja mwawo anaphulika tsiku lachiwiri. Ndimakumbukira ba neba akuseka, thukuta likutsika m'khosi, akuitana amayi ndi dzina langa: “Amake Tisa, manda athu tikumba tekha, ndiye tiyakumbe bwino!” Amayi anawadzudzula kuti asamalankhule zotere, kenaka nawonso anaseka mpaka kukhala pansi. Anali otero pa zonse. Mmodzi akapita kukaima pamzere wa ufa kukadali mbandakucha, mnzake ankatsala ndi ana. Sopo akapezeka, ankamudula pakati ndi ulusi.

Ba neba ankadya za kuchapa. Kawiri pa sabata ankabwera ndi mtolo pamutu kuchokera ku nyumba za anthu olemera ku Kabulonga. Ankachapa m'bafa la malata, n'kutsukuluza ndi buluu. Pansi sakanatha kuyanika chifukwa cha fumbi lofiira limene mphepo inkaulutsa, choncho ankakwera makwerero kupita padenga. Ankayamba ayala mphasa kuti dzimbiri lisadetse nsalu za eni ake, kenaka nsaluzo, n'kuzipsinja ndi miyala m'makona. Dzuwa likafika pamutu, denga lawo linkawala mpaka kuthobwa m'maso.

Kusukulu aphunzitsi ankatiuza tsiku lililonse kuti ndege sizingadziwe pomenya popanda wozilozera. “Mdani ali ndi maso pakati pathu,” ankatero. “Mukaona chachilendo, nenani.” Sindiwaimba mlandu. Ndege ikamveka, choko chinkawagwa m'manja ngati mwana.

Lamulungu lina ku Sande sukulu tinaphunzira za mkazi wa ku Yeriko, amene anabisa azondi padenga pansi pa mapesi oyanika, n'kupachika chingwe chofiira pazenera kuti chikhale chizindikiro kwa ankhondo akubwera. Anatiphunzitsa kuti tione chikhulupiriro chake. Ine ndinaona zina. Ndinaona denga, zoyanika, chizindikiro, ndi mzinda wonse ukugwa kupatula nyumba imodzi. Pobwerera ndinaima pamsewu kuyang'ana denga la ba neba. Ndi akutsidya. Amakwera padenga. Ndege zikadzabwera, nyumba yawo idzatsala, ife tidzapsa. Masiku awiri ndinayenda nayo nkhaniyi pamtima ngati mwala, ndipo Lachiwiri, anzanga atatuluka, ndinatsalira m'kalasi n'kuuza aphunzitsi.

Ndinkayesa ndikutumikira Mulungu. Ichi ndi chimene chimandiopsa mpaka lero, kuti Mawu oyera amene anandilera, mantha anawatembenuza m'manja mwanga n'kukhala mpeni.

Lachitatu masana anabwera anyamata a chipani, atanyamula ndodo. Ba neba anali padenga.

“Seluka apo, iwe! Uitana ndani na nsalu izi?”

“Ana anga, ni nchito chabe,” anatero akutsika. “Ndiye mwamene nidyela.”

Asanaponde pansi, mmodzi anawakoka dzanja n'kulipotokola. Ndinamva kulira kwawo, kochepa, ngati kwa mwana wa mbuzi. Wina anakwera n'kuyamba kuponya nsalu pansi, anzake akuzipondaponda m'fumbi, ndipo ina inang'ambika. Anthu anatuluka m'nyumba, koma ankangoyang'ana. Ine ndinathawira m'dzenje, n'kutseka makutu ndi zala. Zimene zinanenedwa pambuyo pake sindinazimve. Nditatuluka, anyamata anali atapita, ndipo atcheyamani a dera lathu anali atagamula kuti m'mawa mwake ba neba aperekedwa kwa asilikali kuti akafunsidwe. Ngakhale mwana ankadziwa kuti woganiziridwa ukazitape masiku amenewo sankabwerako ali yemwe uja, ngati wabwerako n'komwe.

Amayi atamanga dzanja la mnzawo ndi chitenje, anabwera kunyumba. Ndinawagwira chovala n'kuulula zonse. Ndinkayembekeza mbama, ndipo ndinkaifuna. Iwo anangobereka mwana n'kunena kuti, “Tiye. Uziyenda patsogolo panga.”

Dzuwa linali litapendeka, ndipo lamulo linali loti kukada aliyense akhale m'nyumba, nyale zozima. Tinayenda khomo ndi khomo kwa amayi a chigwirizano cha kumpingo. Amayiwa ankasonkhana Lachinayi lililonse atavala mabulauzi oyera ndi maduku oyera. Pakhomo lililonse amayi ankanena mawu omwewo, onena za mawa lake: “Mailo ni Chinayi. Mabulauzi athu ada. Tichape m'mamawa, tiyanike pamwamba.”

Ena ankangovomera ndi mutu. Ena ankatseka chitseko mwakachetechete. Mayi wina anati, “Amake Tisa, muli na ana imwe. Mufuna kutiitanila moto?” Amayi anamuyankha kuti, “Uja mwana ali kumbuyo kwanu anabwela na miyendo. Anamutembenuza ni ndani?” Mayiyo anabwerera m'nyumba. Khomo lomaliza linali la atcheyamani enieniwo. Amayi anazungulira kuseri, kumene akazi awo ankatsuka mbale, ndipo anakambirana motsitsa mawu ine nditaima patali.

M'mawa wa Lachinayi ndinadzuka ndi phokoso la malata. Amayi anali padenga lathu, akuyala bulauzi lawo, duku lawo, ndi matewera onse a mlongo wanga. Makwerero a ba neba ankayenda nyumba ndi nyumba, atanyamulidwa ndi azimayi awiriawiri. Sanali onse, ndisaname. Madenga ena anakhala akuda. Koma dzuwa litakwera, mzere wathu ndi wotsatira wake inali mbuu. Mayi uja anaopa moto anayanika matewera atatu okha, koma anayanika. Mayi wina wachikulire amene ankachapa nsalu ya pagome la Mgonero anaitenganso, n'kuuza mdzukulu wake wamkazi kuti aiyale pamwamba.

Atcheyamani anafika ndi anyamata aja, ndipo anaima pakati pa msewu akuzungulira ngati munthu wosokera. Ba neba anali atakhala pakhonde, kathumba ka zovala pamiyendo, okonzeka kutengedwa. Amayi anakhala pambali pawo, mapewa atagundana.

“Ni chani ichi?” anakuwa atcheyamani. “Mwafuntha nonse?”

Yankho linachokera kudenga lawo lomwe, kumene akazi awo anali atagwada akupsinja nsalu ndi njerwa. “Ngati kuyanika ni mlandu, yambilani ine, atate ake Joyce. Ma shati yanu yoyela yali pompano. Kapena naimwe muitana ndeke?”

Wina anaseka, ndipo kusekako kunayamba kufalikira. Koma sikunafike patali, chifukwa nthawi yomweyo tinamva kulira kuja kuchokera kumwera.

Sindidziwa kufotokoza kwake. Kuseka kunaduka ngati chingwe. Aliyense anayang'ana madenga oyera aja, ndipo ndinaona pankhope za azimayi funso limodzi: bwanji ngati n'zoona? Kenaka komboni yonse inabalalika. Ndowa zinagubuduzika, ana analira, anyamata anataya ndodo. Amayi anandikankhira m'dzenje, ba neba anagwera pamwamba panga ndi dzanja lawo lomangalo, ndipo pamapeto pake munagwera munthu wina wolemera, akupuma ngati ng'ombe. Anali atcheyamani. Dzenje lawo linali kutali. Ba neba anadzipanikiza kukhoma kuti awapatse malo.

Dothi linandilowa m'kamwa. Ndinamva mtima wa ba neba ukugunda pamsana panga, ndi fungo la sopo m'chovala chawo. Amayi ankapemphera, koma mawu ankatuluka amodzi okha, dzina la Ambuye, mobwerezabwereza. Ine ndinkadziwa kuti tikafa, wapha anthu onsewa ndine. Kulirako kunakula mpaka malata ananjenjemera, kunadutsa pamwamba pathu, n'kuyamba kuchepa. Palibe chinagwa. Mpaka lero sindidziwa kuti ndegeyo inali ya yani.

Atcheyamani anatuluka, nasasa fumbi m'mawondo. Sanayang'ane aliyense. Anangoti, “Kuyambila lelo, kulibe kuyanika pamwamba.” Anatola chipewa chawo n'kumapita. Za asilikali sizinatchulidwenso.

Amayi anapita kuseri kwa nyumba, ndipo ndinawapeza atagwira khoma akusanza. Ndinaganiza kuti adya china choipa.

Ntchito ya ku Kabulonga inatha, pakuti ba neba anabweza nsalu zodetsedwa ndi dzanja losagwira. Yong'ambika ija eni ake anaikana, ndipo azimayi awiriwa anamaliza kuing'amba n'kugawana, monga ankachitira ndi sopo. Anayamba kukazinga zitumbuwa pamphambano, amayi akukanda, ba neba akugulitsa. Dzanjalo silinawongokenso bwino. Mvula yoyamba itagwa, dzenje lathu linadzaza madzi ndi achule, ndipo atate anabwera kudzationa ali owonda, osafuna kulankhula za kumtsinje.

Ndili wamkulu, usiku woti mawa lake ndikwatiwa, amayi anandipatsa theka lawo la nsaluyo. Ndinawafunsa ngati sankaopa tsiku lija. Anati, “Ndinkaopa kufa. Ndinkayesa mwina ndege zimaonadi zoyera. Pokwera padenga paja sindinkadziwa ngati ndikukuphani.” Ndinakumbukira azamba a ku Iguputo amene anaopa Mulungu koposa mfumu, ndipo ndinazindikira kuti nawonso mfumuyo ankaiopa. Kenaka amayi anandiuza chimene sindinamve ndili m'dzenje, zala zili m'makutu. Ba neba atafunsa anyamata aja kuti wawanenera ndani, mmodzi analoza nyumba yathu n'kunena kuti, “Ni mwana wa mnzako.”

Pamenepo ba neba anali atagona kale m'manda zaka zitatu.

Loweruka lotsatira Lachinayi lija, ba neba anandiitana monga mwa masiku onse kuti andiluke tsitsi la ku tchalitchi. Ndinakhala pansi pakati pa miyendo yawo, ndili gwa ngati mtengo. Ankaluka pang'onopang'ono ndi dzanja lotupalo, nthawi zina akupuma mokoka mpweya m'mano. Misozi inayamba kunditsika. Anaweramira kutsogolo, nandipukuta ndi nsonga ya chitenje. “Nakukoka maningi, mwana wanga? Pepa. Dzanja ili silimvela.” Anamasula mzere umene anali ataluka, n'kuyambiranso mofewa. Ine ndinapumira m'mwamba, n'kuthokoza Mulungu mumtima kuti sakudziwa.