Mano Atatu m'Dzanja la Alamu

Kansombako ndinakapeza m'thumba la jekete. Ndimagulitsa kaunjika pa Migowi, ndipo aliyense wa ntchito imeneyi amadziwa kuti ukatsegula belo, uyambe wapisa m'matumba ogula asanafike. Anzanga amapezamo mawotchi. Ine ndinapeza kansomba kapulasitiki, kotalika ngati chala, kofiira kumutu, kali ndi mbedza ziwiri zolendewera, ina pamimba ina kumchira. Mbedza iliyonse inali ndi mano atatu. Ndinayamba pomwepo kuganiza za munthu woti ndimugulitse.

Munthuyo anali mlamu wanga, mwamuna wa achemwali anga, msodzi wa ku Chilwa. Ndinapalasa njinga mpaka kudooko, n'kuwapeza akusoka ukonde.

"Alamu, nyambo iyi siwola, sikutha, sifuna kukumba nyongolotsi. Imayandama pamwamba, inu kumangokoka pang'onopang'ono, mlamba ukubwera wokha."

Anakatembenuza kawiri katatu. "Nsomba yakeyi ndi yabwino. Koma mbedzazi tichotse, tiike zathu za dzino limodzi."

"Chifukwa?"

"Kuno n'kwa njedza, udzu wa m'madzi uja, mbedzazi zizikola paliponse. Komanso mlamba timaugwira ndi manja m'bwato. Dzino limodzi likalowa m'kamwa mwake, asanu otsalawo azisaka ndani?"

Funso linali labwino. Koma mano atatuwo ndi amene ndinkakwezera mtengo, ndipo ine ndinagulitsapo jekete yaubweya mu Okutobala kwa munthu amene ankatuluka thukuta. Ndinawauza kuti opanga zinthuzi ali ndi mafakitale, pomwe iwo ali ndi singano yosokera ukonde basi. Ndinalankhula mpaka anatopa. Tinagwirizana kuti andipatsa dengu la milamba yowamba, mbedza zisiyidwe momwe zilili, ndipo mawa lake ndikwere nawo bwato ndikawaonetse kagwiritsidwe kake, ine amene ndinali ndisanawedzepo ngakhale thewera la mwana m'chitsime.

Tinanyamuka m'mawa. Kawiri konse kansombako kanakola m'njedza, alamu n'kumakakolola. Kachitatu madzi anaphulika. Unali mlamba waukulu ngati mkono wanga, ndipo ndinayamba kale kuseka, kukonzekera zoti ndiwanene. Anaukokera m'bwato, n'kuugwira kuseri kwa mutu monga amachitira masiku onse. Mlambawo unadzipinda kamodzi. Mbedza yakumchira, imene inkangolendewera kunja kwa kamwa, inalowa m'dzanja lawo lamanja, dzino limodzi patsinde pa chala chachikulu, lina m'chala cholozera.

Sanakuwe. Anangoti, "Iphani nsombayo, alamu." Inali idakali pa mbedza yapamimba, ndipo ikaphiriphitha inkakoka dzanja lonse. Ndinaimenya ndi chikuni mpaka inasiya.

Mbedza ikalowa m'thupi sibwerera, chifukwa ili ndi kaminga koyang'ana m'mbuyo. Asodzi amaikankha kuti itulukire kutsogolo, n'kudula kamingako. Zimenezo zimatheka ndi ya dzino limodzi. Iyi ukakankha dzino lina, linzake limang'amba mnofu. Pulayala tinalibe. Ndinatenga mpeni wawo wotumbulira nsomba, ndipo ndinacheka dzanja la mwamuna wa achemwali anga iwo akundilozera pocheka. Tinatsuka ndi madzi a m'nyanja, amatope aja, n'kumanga ndi chigamba cha malaya anga.

Zopita kuchipatala alamu anakana. Anati milamba ikugwidwa sabata imeneyo, bala lipola lokha. Ine sindinalimbikire. Pakamwa pomwe paja, pamene panawagonjetsa pa nkhani ya mbedza, panangoti chabwino. Ndinanyamula dengu langa n'kubwerera ku Migowi.

Patatha masiku anayi achemwali anatumiza uthenga. Ndinapeza dzanja litatupa mpaka m'chigongono, likununkha, alamu akunjenjemera dzuwa lili pamutu. Ndinawakweza panjinga, achemwali akuwagwirira m'mbuyo. Kuchipatala anadula chala cholozeracho. Chachikulu anachipulumutsa, koma sichipindikanso.

Achemwali sanandilalatire. Tili panja pa chipatala anangondifunsa kuti, "Achimwene, ana anga aja ndi mbumba yanu. Muziwadyetsa majekete?"

Kansomba kaja ndinakatenga kwa alamu, ndipo nditabwerera ndinagula pulayala ndi mbedza wamba za dzino limodzi. Mbedza ya pa kansomba kotere imakolekedwa pa kamphete kawaya kozungulira kawiri. Umakatsegula ndi chikhadabo n'kuzungulitsa mbedzayo mpaka ituluke. Zikhadabo ziwiri zinathyoka. Mbedza zoyamba zimene ndinaika zinali zolemera, ndipo nditayesa m'ndowa kansombako kanamira ngati mwala. Ndinaika zocheperako, kanayandama koma chogonera m'mbali. Ndinaonjezera kamphete kena kuti mbedza ziongoke, yakumchira iyang'ane kumwamba kuti izidutsa pa njedza osakola. Ndinatha masana onse pa ntchito imene alamu akanaimaliza tiyi asanawire. Ogula ankandifunsa ngati ndasiya zovala n'kuyamba zidole.

Bala litauma ndinapita nako. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Mwaika bwino," anatero. "Mukaphunzira zinthu mumachita bwino ndithu. Kungoti sukulu yanu ndi yodula."

Anatenga chingwe kuti amange. Mfundo imene ankamanga osayang'ana inawakanika katatu, chingwe chikupulumuka pamene panali chala. Anandipatsa, n'kundiuza pozungulitsa ndi pokoka.

Kenako tinatsikira kudooko, ana awo akutitsata. Madzi a Chilwa ndi osaya, bwato amalikankha ndi nsungwi yaitali, ndipo nsungwiyo imafuna dzanja lofumbata. Alamu anaimirira kumbuyo kwa bwato, anaizika m'matope, anakankha. Inaterereka m'dzanja n'kugwera m'madzi. Mwana wamkulu anaitola. Anayesanso, inagwanso. Ana aja anayang'ana kumbali.

Kachitatu sanayese. Anakakhala kutsogolo kwa bwato, dzanja lija ataliika pamwendo, n'kunena osandiyang'ana kuti, "Tengani nsungwiyo, alamu."

Mpaka lero masiku atatu pa sabata benchi langa la pa Migowi limakhala lovundikira. Ndimakankha bwato mokhotakhota, matuza ali m'manja, iwo akuponya ndi dzanja lamanzere. Mlamba ukagwidwa ndimaugwira ndine, chifukwa iwo sangathenso kuufumbata.