Jekete Yonyezimira Inandimiza M'damu

Inu owerenga, nkhani iyi ndikamaifotokoza anthu amaseka mpaka misozi, inenso ndimaseka nawo. Koma mkati mwake muli cholakwa changa chimene chinavulaza munthu wondifunira zabwino. Ndinagula chida chosunga moyo ngati mmene munthu amagulira malaya a Khirisimasi, pongoona kuwala.

Nthawi imeneyo ndinkapalasa kabaza pa Njuli. Alamu anga, amuna a achemwali, ankagwira ntchito kunyanja kwa bwana wina wotumiza kunja tinsomba tokongola toweta m'magalasi. Ankamira pansi pa madzi, botolo la mpweya lili kumsana, n'kumakola tinsombato pakati pa miyala. Chaka china atabwera kutchuthi anandiuza kuti bwanayo akufuna munthu wina mmodzi, ndipo iwo anali atamuuza kale kuti ali ndi mlamu wosamala zinthu. Malo anali amodzi okhawo. Mtima wanga unali dyokodyoko, pakuti zitunda za Chiradzulu zinali zitandimaliza miyendo.

Alamu anabwera ndi mabotolo awiri, zopumira ndi malamba a zitsulo kuti andiphunzitse konkuno tisanapite. Chinkasowa ndi jekete yopopa yondikwana ine. Kwa inu osaidziwa, jeketeyi imalumikizidwa ku botolo ndi kapaipi. Ukadina batani imafufuma n'kukukweza pamwamba, ukaiphwetsa zitsulo za m'chiuno zimakutsitsa. Anandilondolera kwa bambo wina ku Limbe wogula katundu wa azungu obwerera kwawo. Anandichenjeza kawiri konse kuti ndikaipope ndi pakamwa, ndiisiye kwa kanthawi, ndione ngati ikusunga mpweya.

Bamboyo anali nazo ziwiri zondikwana. Ina inali yosuluka, yonyansa ngati chiguduli, koma yokwererapo mtengo. Inayo, abale inu, inali yakuda bii, mizere yachikasu, matumba mbali zonse, komanso yotchipa. Bamboyo anandiuza yekha kuti yosulukayo ndiye yolimba, koma ndinaganiza kuti akufuna kundidyera. Ndinauziramo katatu, n'kuona ikutukumuka, basi ndinalipira. Pobwerera ndinaivala mu minibasi kuchokera ku Limbe mpaka pa Njuli, kunja kukutentha choncho. Anzanga a kabaza anayamba kunditchula kuti Kaputeni, ine n'kumadzimva.

Alamu atandifunsa ngati ndaiyesa, ndinanama kuti yakhala ndi mpweya tsiku lonse.

Tinapita kudamu lina cha ku Mikolongwe Loweruka m'mawa. Mbiri inali itafika kale. Amayi ochapa anasiya zochapa, abusa a ng'ombe anasiya ng'ombe, onse kufuna kuona mwana wa pa Njuli akupuma pansi pa madzi. Masiku awiri m'mbuyomo alamu anali atandiphunzitsa kupuma ndi chopumira pa madzi ofika m'chiuno, opanda jekete. Tsikuli anaipopa pamtunda, inafufuma, ndipo anafuna kuti tidikire pang'ono. Ine poona khamu lija ndinawafulumiza.

Titalowa pansi pa madzi, kukoma kwake sindingakufotokoze bwino. Phokoso lonse linazima, ndinkangomva kupuma kwanga. Timatemba tinkadutsa pamphuno panga osandiopa. Thupi linapepuka, ine amene ndinazolowera kukoka matumba a chimanga pachitunda. Ndinaseka m'madzi momwemo mpaka madzi analowa m'galasi lovala kumaso.

Chisangalalo chija chinandiiwalitsa kuti alamu anati ndisawasiye. Ndinasambira kulowera pakati, pomwe pansi pamatsetsereka mwadzidzidzi. Nditaona kuti ndikutsika ndinadina batani. Ndinamva kuti phuu paphewa, thovu n'kukwera lokha, ine n'kumapitabe pansi. Ndinadinanso, chimodzimodzi. Miyendo inalowa m'matope, madzi anada, ndipo zonse zimene anandiphunzitsa, ngakhale kumasula lamba wa zitsulo, zinathawa m'mutu. Ndinachita mantha oti sindinawaonepo chibadwire.

Alamu anatsata thovulo. Munthu womira amayenera kutsika pang'onopang'ono akutsegula makutu, koma iwo analibe nthawi imeneyo. Ndinangomva dzanja likumasula lamba wanga, kenako linandigwira kukhosi kwa jekete n'kundikweza nalo.

Tinatuluka ine ndili matope okhaokha ngati mlamba. Amayi aja anafa ndi chikhakhali, wina n'kufunsa ngati Kaputeni wabwerako ndi ndiwo. Ndinaseka nawo mwamanyazi, kufikira pamene ndinaona magazi akutuluka m'khutu la alamu.

Iwo sanakalipe. Anandivula jeketeyo, anaipopa, n'kuiviika m'madzi ofika m'mawondo. Thovu linatuluka mumsoko wa paphewa, pomwe wina kale anamata ndi guluu n'kupakapo polishi wa nsapato.

"Alamu," anatero akumwetulira, "chubu cha njinga mumachiika m'tayala musanachiviike m'beseni?"

Ine wa kabaza, amene sindinkalola kachubu ka njinga kulowa m'tayala ndisanafufuze thovu, ndinalephera kuviika chinthu chonyamula moyo wanga chifukwa chinkaoneka chachizungu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinkadziwa kuti ntchito yapita. Koma alamu, thonje lili m'khutu, anandikweza minibasi kubwerera ku Limbe. Tinatenga yosuluka ija, ndipo bamboyo anatibwereka beseni la akazi awo kuti tiiviike pomwepo, anthu odutsa akutiyang'ana. Sinatulutse thovu ndi limodzi lomwe. Kunyanja alamu anauza bwana zoona zonse, n'kuwonjeza kuti munthu amene watsalapo pang'ono kufera m'madzi sanamanso za zida. Bwanayo ananditenga. Ndi jekete yonyansayo ndinagwira ntchito zaka zambiri, ndinamanga nyumba ya malata kwathu, ndinakwatira, ndipo ndinaona zokongola za pansi pa madzi zimene anzanga a pa Njuli amati ndimapeka.

Tsono inu amene mukufuna kuyamba kumira, yotchipa si tchimo, nanga tonse tingakwanitse yatsopano? Koma ivaleni muone ngati ikukukwanani, ipopeni, iviikeni m'madzi, yang'anani misoko ndi mabatani, ndipo mupite ndi munthu wodziwa. Koposa zonse, wokuphunzitsani akakufunsani ngati mwayesa, musaname.

Khutu la alamu silinachire bwino, ndipo adokotala anawaletsa kumiranso. Bwana anawapatsa ntchito yoyendetsa boti, ine ndikumira pamalo amene iwo ankamira. Mpaka lero amaseka, amati boti ndiye ntchito ya mabwana. Koma tsiku lina ndikutuluka m'madzi ndinawapeza atagona chafufumimba m'botimo, galasi lili kumaso, nkhope ataiviika m'madzi, akuyang'ana tinsomba tija kuchokera pamwamba.