Ndime zimene sanaimbe

Mkazi wanga anamwalira mu Febuluwale. Mu Juni ndinamumva akuimba mu minibasi.

Ndinali nditakwera pa Chitakale, ulendo wa ku Blantyre kukalemba mayeso. Ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ya tiyi, ndipo chaka chimenecho ndinkaphunzira zamalamulo Loweruka ndi Lamlungu. Phunziro la teremu imeneyo linali la umwini wa ntchito zaluso: nyimbo ndi ya yani, angaikope ndani, woipeka akamwalira imatsala m'manja mwa yani. Manotsi anali pamiyendo panga. Dalaivala anasintha nyimbo, ng'oma za pakompyuta zinayamba, kenako mawu a mkazi wanga.

Sindinakuwe. Ndinagwira mpando wakutsogolo. Mayi amene ndinayandikana naye, dengu la nanazi lili pamiyendo, ankaimba nawo. Mawu onse ankawadziwa.

Nyimboyo mkazi wanga anaipeka yekha, pena Chichewa pena Chilomwe, ndipo ndinaijambula ndine pa foni tsiku lina masana akusenda nandolo pakhonde. Inali ndime imodzi yokha. Pothera pake anaseka n'kunena kuti, "Zimitsani, inu, sinathe." Sanaimalize. Atamwalira, azimayi a kwaya anapempha kuti aiphunzire akaimbe pamaliro, ine n'kuitumiza pa gulu lawo la pa foni. Sindinaone cholakwika.

Koma ya mu minibasi sinathere pamenepo. Pamene panali kuseka kuja, mawu ake anapitirira. Ndime yachiwiri, kenako yachitatu. Ankatsanzika amayi ake, kuwauza kuti asalire, kumene wapita kulibe matenda. Mawu anali ake ndithu, ndi kusasa komwe kunkabwera akakweza. Mkazi wanga sanaimbepo zimenezo. Tsiku limene ndinkamujambula anali asanadwale n'komwe.

Ndinatsika pa Chonde. Mayeso sindinalembe.

Dalaivala anali atandilondolera kashopu kumene amaikitsa nyimbo m'mafulashi, ndipo ndinabwerera ku Chitakale kukakafuna. Mwini wake anali bambo wa msinkhu wanga, mahedifoni ali m'khosi. Ndinatchula nyimboyo.

"Imeneyo ikuyenda, bwana," anatero. "Pamaliro, m'mabala, ponseponse."

"Waimba ndi ndani?"

"Mayi wina wa ku Likhubula, anatisiya. Ife tinangomuthandiza kumaliza."

"Kumaliza bwanji?"

Anaseka. "Akulu, mumakhala m'phanga liti? Masiku ano kompyuta ukaimvetsa mawu a munthu pang'ono chabe, imaimba chilichonse ungailembere. Mawuwo ndinalemba ndine. Ndime yachitatuyo mwaimva? Ndinalira ndekha."

"Ndi mkazi wanga."

Anavula mahedifoni n'kuwaika patebulo.

"Pepani, achimwene. Koma inetu ndamupatsa ulemu. Ena akanamuimbitsa zolaula."

Ananena zimenezi pondipepesa. Ndinatuluka ndikudziwa kuti sankanama. Mkazi wanga anali m'fulashi ya aliyense, ndipo aliyense akanatha kumutsegula pakamwa.

Kunyumba ndinabwerera ku manotsi. Ankanena momveka kuti nyimbo ndi ya woipeka, imatetezedwa zaka makumi asanu iye atamwalira, ndipo palibe woisintha popanda chilolezo. Za mawu a munthu, mawu enieniwo otuluka pakhosi, manotsi anga sananene kanthu. Ndinalembabe kalata yolamula bambo uja kuti afufute nyimboyo ndi kusiya kuigawa.

Sindinafune kusaina ndekha. Ndinali mkamwini kwawo kwa mkazi wanga, ndipo mu Epulo akubanja anali atandisudzula monga mwa mwambo: anandimasula, zovala zake ndi makina ake osokera zinatsala kwa amayi ake. Lamulo likanandilola kuyankhula ngati mwamuna wake. Kumudzi kuja, mwana ndi wa amayi ake. Ndinapinda kalata n'kupita ku Likhubula kukapempha chidindo cha chala cha apongozi anga.

Ndinawapeza akuyanika chinangwa. Anandiyalira mphasa poteropo, iwo n'kukhala chammbali, monga tinkakhalira nthawi zonse. Titapatsana moni, ndisanayambe nkhani, anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kafoni kakang'ono.

"Bambo, inu ndinu munthu wachinsinsi," anatero. "Chinthu chotere kundibisira ine?"

Anadina batani. Ng'oma zija zinayamba.

Apongozi anga sanafike msanga kuchipatala tsiku limene mwana wawo anamwalira. Mvula inali itawononga msewu, ndipo anafika thupi litaphimbidwa kale. Pamaliro ponse ankalira chinthu chimodzi, kuti sanatsanzikane.

"Ankadziwa, mwana wanga," anatero nyimbo ikulira. "Ananditsanzika kalekale, ine osadziwa. Chiimvereni ndikudya, bambo. Onani, ndayambanso kupita kumunda." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Akuimba munali pomwepo?"

"Ndime yoyamba ndinalipo, amayi."

"Nanga zinazi?"

Ndinayang'ana manja awo, oyera ndi chinangwa, atafumbata kafoniko.

"Zinazi panalibe ine."

"Ndiye anakubisirani ndi inu nomwe," anatero, n'kuseka pang'ono. "Anali wotero kuyambira ali mwana. Akamakonza chinthu, sumachiona mpaka chitatha."

Sindinawauze zoona zake. Anafunsa chimene ndinabwerera, ndipo ndinati ndimangodzawaona. Anathokoza kuti ndikuwakumbukirabe ngakhale anandimasula, n'kunena kuti akamwini ena akangosudzulidwa amaiwala njira.

Kenako anaibwereza nyimboyo kuchokera poyamba. Kunyamuka apongozi akumvetsera mwana wawo kukanakhala mwano, choncho ndinakhala pamphasapo mpaka ndime yachitatu inatha.