Kuda kwa Makasu a Pulawo

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi malume a mkazi wanga, cha m'ma 1950. Ndinali mkamwini wopanda luso lililonse pafupi ndi Nsaru, mkazi wanga Nasiwelo ali ndi pakati, ndipo anzanga onse anali atalembetsa zopita kumigodi ku Joni. Ine sindinkafuna kuti mwana wanga adzabadwe ndili kutali. Malumewo anandiperekeza kwa a Mbewe, osula zitsulo amene ankakonza mapulawo ndi ngolo, munthu wouma pakamwa ngati chitsa.

"Mwezi umodzi," anatero a Mbewe. "Akakhala wamanja olemera, Joni ilipo."

Ntchito yanga inali kupopa mvukuto, kugwira chitsulo ndi mbaniro, ndi kukasenda makungwa a mthethe kudambo. Makungwawo ndinkawasinja mumtondo, iwo n'kumawawiritsa okha mumgolo kuseri kwa shedi. Sindinafunse. Ndinkaganiza kuti ndi mankhwala a chifuwa, poti ankatsokomola kwambiri.

Sabata yachitatu kunagwa maliro ku Kabudula. A Mbewe pochoka kupita kumaliroko anandilozera makasu a pulawo asanu ndi atatu, a alimi amene ankadikira mvula yoyamba. "Uwasamale awa."

Nditawayang'ana ndinachita manyazi m'malo mwa abwana anga. Anali akuda bii, onona ngati poto wa mbeta yaulesi. Ndinatenga mchenga, phulusa ndi chitsononkho, n'kuwakwecha tsiku lonse mpaka ndikudziona nkhope. Ndinawandandalika pakhonde kuti odutsa aone kuti pano pabwera munthu waukhondo. Kwa masiku awiri kunawaza mvula yamphepo. Tsiku lachitatu m'mawa makasu onse anali psuu, dzimbiri lokhalokha.

A Mbewe anafika tsiku lomwelo, pamodzi ndi mlimi wina wa ku Nambuma amene anabwera kudzatenga khasu lake. Mlimiyo analitembenuza n'kufunsa, "Kodi mwalifukula kumanda?" Anachoka osalitenga.

M'maganizo ndinaona kale sitima ya ku Joni, ndi Nasiwelo ali yekha pakhomo pakwawo.

A Mbewe anatola khasu limodzi n'kuliyang'anitsitsa. Kenako anati, "Ndani anakuuza kuti kuda n'kuipa?"

"Palibe, bambo."

"Eti. Ndipo palibenso anakuuza ntchito ya makungwa aja. Pamenepo wolakwa ndine."

Ananditengera kuseri kwa shedi, kumene sindinkaloledwa. Anandionetsa zonse: kupala dzimbiri lofiira pamwamba osafika pa chitsulo chenicheni, kuviika khasu m'madzi otentha a makungwa mpaka lide ngati khala, kuliumitsa pamthunzi, kenako kulipaka mafuta a nsatsi ndi kansanza. Madzi a mthethe amagwirana ndi chitsulo n'kupanga chikhungu chakuda, mafuta n'kutseka njira ya chinyezi. Chimene ndinakwecha ndi mchenga chinali chofunda cha makasuwo.

Pofika madzulo makasu onse anali atada, koma botolo la mafuta linali litauma gwa. Popanda mafuta ntchito yonse inali yachabe, ndipo mitambo inali itayambanso kusonkhana. Ndinathamangira kunyumba. Nasiwelo anali ndi kansupa ka mafuta a nsatsi amene anayenga yekha, osungira kudzadzoza mwana akadzabadwa. Ndinalephera kupempha, ndinangomufotokozera. Anakatenga kansupako n'kundiika m'manja.

"Nsatsi ndidzayenga zina," anatero. "Bambo wa mwana sindingayenge wina."

Mwezi utatha a Mbewe sananene kanthu za Joni, ine sindinawakumbutse. Ndinakhala nawo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mpaka lero ndimawathokoza chifukwa chovomera kulakwa pamaso pa wantchito wa masabata atatu. Chiyambire tsiku limenelo sindichotsa kanthu pa chitsulo ndisanafunse amene anakaikapo.

Mwana anabadwa chimanga chikumasula, ine ndili panja pa nyumba, manja ali bii ndi mthethe. Azamba atandiitana kuti ndimuone, anandiuza kuti ndiyambe ndasamba. Ndinasamba katatu. Kudako sikunachoke, ndipo ndinamunyamula choncho.